Wisiki wa ku Japan wa mu mgolo wa mizunara: bwanji akungondiwotcha kukhosi?

*"Zikomo akatswiri. Mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira ku Japan anandibweretsera botolo la wisiki atabwera kutchuthi. Papepala lake palembedwa kuti Single Malt Japanese Whisky, m'munsi mwake Mizunara Cask Finish, mphamvu yake 46%, koma zaka sanalembe. Mnyamatayo anati mowa umenewu ndi wapadera chifukwa unakhala mu mgolo wa mtengo wa komweko, ndipo umanunkhira ngati zofukiza za m'kachisi. Ndinautsegula Loweruka lina titangodya nkhomaliro ndi anzanga awiri. Kunena zoona, ine ndinangomva kuwotcha kukhosi, kakuwawa, ndi fungo la thabwa. Mnzanga wina anati atinamiza, mowawu ndi wachinyengo. Kodi mwanayu anamupusitsa, kapena lilime langa ndi limene silidziwa zabwino? Ndinenenso kuti ndimamwa mankhwala a BP."*
Bambo wina wa ku Blantyre

Bambo, mtima ukhale m'malo. Pa zimene mwafotokozazi sindikuona chondichititsa kuganiza kuti mphwanuyo anapusitsidwa, ndipo lilime lanu lili bwinobwino. Kuwotcha, kakuwawa ndi fungo la thabwa ndi zimene wisiki wosakhalitsa mu mgolo wa mizunara amapereka, makamaka akamwedwa masana kukutentha, m'kamwa mukadali ndiwo za nkhomaliro. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthirira alendo ndi kuphunzitsa achinyamata ogwira ntchito m'mabala, dandaulo lanuli ndalimva kwa anthu ambiri, ena mwa iwo odziwa bwino wisiki wa ku Scotland. Zimene mphwanu anakuuzani n'zoona, fungo lija liliko ndithu. Chimene sanakuuzeni, mwina poti nayenso sanauzidwe, n'chakuti mtengo umenewu umachedwa kwambiri kulitulutsa.

Tiyambe ndi pepala la pabotolopo, chifukwa mbali yaikulu ya yankho ili pamenepo. Single malt ndi wisiki wopangidwa ndi chimera cha balere chokha, wotchezedwa pa fakitale imodzi, m'miphika ikuluikulu ya kopa. Sikuti wachokera mu mgolo umodzi ayi. Wosakaniza amatha kutunga m'migolo yambirimbiri ya fakitale yomweyo. Pamene pagona nkhani ndi pa mawu akuti Finish. Mowa wanuwo zaka zake zambiri unathera mu mgolo wina, kawirikawiri umene munali bourbon, wisiki wa ku America, kapena sherry, vinyo wa ku Spain, ndipo anangousamutsira mu mgolo wa mizunara chakumapeto, mwina kwa miyezi ingapo, mwina chaka chimodzi kapena ziwiri. Palinso migolo ina imene zivundikiro zake zokha za mbali ziwiri ndizo za mizunara, thupi lonse lili la mtengo wina. Wopanga sananame, mawuwo ali papepala. Kungoti wogula akaona dzina la mtengo wotchukawo, maso amathera pomwepo. Ndipo botolo likapanda kulembedwa zaka, dziwani kuti kawirikawiri mowawo si wokalamba. Ukanakhala wa zaka 18 akanalemba ndi zilembo zazikulu pakati penipeni.

Mizunara ndi mtundu wa mtengo wa oak umene umamera kwambiri pa chilumba cha Hokkaido ndi kumpoto kwa chilumba chachikulu cha Honshu, kumene kumazizira koopsa. Kwa mmisiri wopanga migolo, ndi mtengo wosautsa zedi. Kuti ukule kufika poti n'kuchekamo matabwa a mgolo pamadutsa zaka pafupifupi 200. Sukula mowongoka, umapotoka, uli ndi mfundo zambiri, moti pa chipika chachikulu amapezapo matabwa ochepa oyenera. Umasunga madzi ambiri, choncho matabwawo amawaunjika panja zaka zingapo kuti aume. Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi kudontha. Oak woyera wa ku America akamakula, timitsempha tam'kati timene madzi ankayendamo timatsekeka tokha, n'chifukwa chake mgolo wake sutaya mowa. Mu mizunara timitsempha tambiri timakhalabe totseguka, mowa n'kumatuluka ngati thukuta pathabwa. Amisiri amacheka matabwa okhuthala ndipo amakhalira kuyendera migoloyo kutseka podontha. Kuwonjezera apo, zipika zabwino amazilimbirana ndi opanga mipando ndi matebulo, poti mzinda wa Asahikawa ku Hokkaido komweko ndi wotchuka pa ntchito imeneyo. Mukaphatikiza zonsezi, mgolo umodzi wa mizunara umadula kangapo kuposa mgolo wa bourbon, ndipo ndalama zimenezo amalipira ndi inu wogula, kaya mowawo unakhalamo zaka 20 kapena miyezi isanu.

Nanga anayambiranji kuvutika ndi mtengo wotere? Sanachite kufuna. Fakitale yoyamba ya wisiki ku Japan, Yamazaki, anaiyambitsa ndi Shinjiro Torii mu 1923, pakati pa Kyoto ndi Osaka. Woyendetsa ntchito yotcheza anali Masataka Taketsuru, amene anapita ku Scotland mu 1918 kukaphunzira lusoli, n'kudzatsegula fakitale yakeyake ku Yoichi, ku Hokkaido, mu 1934. Migolo yabwino inkachokera kunja. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatseka njira za panyanja, migolo ija inasiya kufika, pamene wisiki ankafunidwabe, makamaka ndi asilikali. Opanga anatembenukira ku nkhalango zawo. Osakaniza a nthawi imeneyo sanaukonde mtengowu ngakhale pang'ono. Mowa wa zaka zochepa unkatulukamo waukali, wonunkha thabwa, woumitsa m'kamwa, ndendende zimene mwamva inu Loweruka lija. Koma migolo imene inakhalitsa m'nyumba zosungiramo, ataitsegula patapita zaka makumi angapo, inapereka fungo limene silinkapezeka mu wisiki wa dziko lina lililonse: la sandalwood, la mtengo wonunkhira umene a ku Japan amautcha kyara ndipo amafukiza m'makachisi awo, ndi kakokonati kosakanikirana ndi uchi. Ngati munalowapo m'sitolo ya amwenye ku Limbe m'mawa, timitengo tofukiza tija titangozima, fungo limene limatsalira m'chipindamo ndilo loyandikira kwambiri.

Ambiri odziwa ntchitoyi amati pamafunika zaka 15 mpaka 20 kuti fungo limenelo likhazikike, ndipo zimene ndalawa zimagwirizana nawo. Poyamba thabwa limatulutsa zinthu zowawa ndi zoumitsa lilime. Mpweya umene umalowa pang'onopang'ono kudzera m'thabwamo, m'nyengo zotentha ndi zozizira za ku Japan, ndi umene umafewetsa zowawazo n'kusiya zonunkhira zija poyera. Palibe njira yachidule. Yamazaki 55, wisiki wa zaka 55 amene anatuluka mu 2020 m'mabotolo 100 okha ku Japan, lililonse pa mtengo wa mayeni 3 miliyoni, mbali yake yakale kwambiri inatchezedwa mu 1960 n'kusungidwa mu mizunara. Mu Yamazaki 12 ndi mu Hibiki, wisiki wina wa kampani yomweyo, mulinso mowa wa mu mizunara, koma wochepa, woikidwamo kuti umveke chakumapeto mukameza.

Chifukwa chimene wokalambayo akusowa chonchi n'chodziwika. Kuyambira cha mu 1983 anthu a ku Japan anayamba kusiya wisiki, ndipo malonda anatsika kwa zaka zoposa 20. Mafakitale anachepetsa kutcheza, ena monga Karuizawa ndi Hanyu anatsekeratu. Dziko lonse litayamba kufuna wisiki wa ku Japan, m'nkhokwe munali mochepa. Mu 2015 kampani ya Nikka, imene anaiyambitsa Taketsuru uja, inasiya kutulutsa Yoichi ndi Miyagikyo wolembedwa zaka, ndipo mu 2018 Suntory, kampani ya eni ake a Yamazaki, inaimitsa Hibiki 17 ndi Hakushu 12. Mpata umenewo unadzazidwa ndi mafakitale atsopano ambiri, okhala ndi mowa wa zaka zitatu, zinayi, zisanu. Ena mwa iwo ndi aluso kwambiri. Ichiro Akuto, amene anayamba kutcheza ku Chichibu mu 2008, mpaka mbiya zake zowiritsira mowa ndi za mizunara, ndipo ali ndi amisiri akeake a migolo. Ena anangoona kuti dzina la mtengowu likuyenda malonda. Ngakhale a ku Scotland analowa nawo: kuli Chivas Regal Mizunara, amene si wa ku Japan konse.

Pa mawu a mnzanu aja akuti mowawu ndi wachinyengo, pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi wisiki wovala dzina la Japan asali wa ku Japan. Kwa zaka zambiri lamulo la kumeneko linali lomasuka, moti kampani inkatha kuitanitsa mowa wa ku Scotland kapena ku Canada m'matanki, kuuthira m'mabotolo a zilembo za Chijapani, n'kuugulitsa. Mu 2021 bungwe la opanga mowa la Japan Spirits & Liqueurs Makers Association linaika mfundo zake, ndipo nthawi yokonzekera inatha pa 31 March 2024. Kuti alembe kuti Japanese Whisky, payenera kukhala chimera, madzi akhale a ku Japan, kuwiritsa ndi kutcheza kuchitikire ku Japan, mowa ukhale m'migolo yamatabwa ku Japan zaka zosachepera zitatu, uthiridwe m'botolo ku Japan komweko, mphamvu yake isachepere 40%. Mfundozi zimamanga mamembala a bungwelo, ndiye makampani ena amazizemba. Tembenuzani botolo lanu, mufufuze dzina la fakitale yotchezera. Single malt weniweni sabisa kwawo. Mukapeza dzina la kampani yokha popanda fakitale, kapena mawu akuti World Whisky, dziwani kuti mungakhale mowa wa maiko ena. Umenewo si woopsa, nthawi zina umakoma ndithu, kungoti si umene munayembekezera.

Chachiwiri ndicho choopsa: botolo lenileni lothiridwamo mowa wina. Zimenezi zimachitikira kwambiri maina odula monga Yamazaki 18 ndi Hibiki 21, chifukwa mabotolo ake opanda kanthu amagulitsidwa pa intaneti. Ngati mphwanu anagula m'sitolo yaikulu, pa bwalo la ndege kapena pa fakitale penipeni, musadandaule. Ngati anagula kwa munthu pa intaneti motchipa modabwitsa, kumbukirani mmene chidindo cha pakhosi pa botolo chinalili musanatsegule: kodi chinali cholimba ndi chosalala, kapena chinali chokwinyika, chokhala ndi zomatira? Onani ngati pepala lamatidwa mowongoka, ngati zilembo zili zooneka bwino, ngati mulibe zinyalala zoyandama. Kamtambo kotuwa kamene kamabwera mukathira madzi ozizira kasakuopseni. Wisiki wambiri wa 46% sasefedwa mozizira, ndipo kamtamboko ndi mafuta ake achilengedwe.

Tsopano tibwererenso kubotolo lija, chifukwa ndikukhulupirira kuti simunalimve bwino. Sankhani madzulo kutazizirako, patapita maola awiri kapena atatu mutadya, tsiku limene simunadye tsabola wa kambuzi, simunasute, ndiponso simunadzole mafuta onunkhira m'manja. Kutentha kwa mu October kumachititsa kuti mphamvu ya mowa ikwere msanga m'mphuno n'kuphimba zina zonse, choncho botolo likhale m'kabati yozizira bwino, osati m'firiji. Galasi likhale lotakata pansi, lopapatiza kukamwa. Ngati mulibe lopangira wisiki, kagalasi ka vinyo n'kabwino kuposa tambula yotseguka. Litsukuluzeni ndi madzi okha, mulinunkhize lisanalowe kanthu. Mukamva sopo kapena fungo la m'kabati, tsukuluzaninso.

Thirani toti imodzi, mamililita 25, kenako isiyeni mphindi 10 kapena 15. Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, chifukwa galasi likakhala patsogolo dzanja limafuna kulinyamula. Nthawi ikakwana, musalowetse mphuno m'galasimo. Liyandikizeni pachibwano, pakamwa patatseguka pang'ono, muzilikweza pang'onopang'ono mpaka fungo likupezeni lokha. Choyamba kufika chikhala cha mgolo woyamba uja: vanila ndi uchi ngati unali wa bourbon, zipatso zouma ngati unali wa sherry. Musafunefune sandalwood pano. Kumwa koyamba kukhale kochepetsetsa, kongonyowetsa lilime, ndipo kuwotcha kwake musakuwerengere, n'kongodzutsa m'kamwa. Kwachiwiri musunge mowawo m'kamwa kamphindi, uyende palilime lonse, mumeze, kenako mutseke pakamwa n'kutulutsa mpweya kudzera m'mphuno pang'onopang'ono. Mizunara amabisala pamenepo, kumbuyo kwenikweni, mowa utapita kale. Mu wisiki wosakalamba amamveka ngati sinamoni wouma, katsabola koyera, thabwa longochekedwa kumene, ndipo pambuyo pake, mukadikira, kafungo kakang'ono ka zofukiza kamene kamabwera n'kuzimiririka.

Mukatero thirani madzi, madontho atatu kapena anayi ndi kasupuni ka tiyi. Akhale a m'botolo kapena owiritsa n'kuzizira, chifukwa a pampopi nthawi zina amakhala ndi fungo la mankhwala. Madzi amachepetsa kuwotcha n'kumasula fungo, ndipo kakokonati kaja nthawi zambiri kamatuluka apa. Wonjezerani pang'onopang'ono mpaka kukhosi kusiye kuwotcha. Palibe manyazi pothira madzi; osakaniza okhaokhawo akamayesa mowa kufakitale amausungunula kwambiri kuposa pamenepa. Ayisi ndiye musaike tsiku limeneli, chifukwa kuzizira kumatseka fungo lomwe mukulifunalo n'kusiya kuwawa kwa thabwa kokha.

Mukamaliza, galasi musalitsuke. Livundikireni ndi kambale, mulisiye ola limodzi kapena mpaka m'mawa, kenako mulinunkhize. Mphamvu ya mowa imakhala itauluka, zotsalira pagalasi ndi za mtengo zokhazokha. Ndaonapo anthu amene anakanitsitsa kuti samva kanthu akungoti kakasi ndi galasi lopanda mowa m'manja, chifukwa sandalwood uja amaonekera bwino pamenepo kuposa pena paliponse. Ngati muli ndi wisiki wina m'nyumba, makamaka wa ku Scotland wa mu mgolo wa bourbon wopanda utsi, thirani pang'ono m'galasi lachiwiri muzinunkhiza mosinthanasinthana. Mphuno imagwira msanga kusiyana kwa zinthu ziwiri kusiyana ndi kutchula dzina la chinthu chimodzi.

Mwina mutachita zonsezi mudzapezabe kuti mowawu ndi waukali. Zikatero musadzikakamize. Lisiyeni botolo masabata angapo; mpweya umene walowa mutatsegula nthawi zambiri umaufewetsako. Liimikeni chilili, chifukwa mowa wamphamvu chonchi ukakhudzana ndi chitsekerero kwa nthawi yaitali umachidya, ndipo likhale kutali ndi dzuwa. Likafika pakati, musalisunge kupyola chaka, fungo limayamba kuthawa. Kapena mumwe mmene a ku Japan eni ake amamwera masiku ambiri. Amasakaniza gawo limodzi la wisiki ndi magawo awiri a madzi ozizira, amati mizuwari, kapena ndi madzi a soda m'galasi lalitali, amati highball. Palinso oyuwari, wothira madzi otentha koma osawira, ndipo kwa wisiki wa mizunara njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa nthunzi imanyamula fungo la mtengo kulifikitsa m'mphuno popanda kuwotcha. M'mwezi wa June ku Blantyre ikhoza kukukomerani.

Kuti muwononge ndalama zambiri kusaka botolo la zaka 18 la mizunara yekhayekha, ine sindingakulangizeni. Ndi mowa wabwino kwambiri, koma mtengo wake masiku ano ukukwezedwa ndi anthu ogula kuti asunge n'kudzagulitsanso, ndipo ndi m'gulu limenelo momwe mabotolo achinyengo achulukira. Mphwanu akamabweranso, mupempheni kabotolo kakang'ono ka mamililita 50 ka Yamazaki 12. Mukaika pafupi ndi lanuli, mudzamva nokha zimene zaka zimachita. Iyeyo ali komweko atha kusungitsiratu malo n'kukayendera fakitale ya Yamazaki, kumene amagulitsa timatoti tolawa ta mowa wokalamba pa mtengo woti munthu n'kukwanitsa.

Za BP ndazisiyira kuno dala, ndipo ndikupempha mundimvetsetse. Mowa umakweza BP, ndipo ukakumana ndi mankhwala ena a BP umabweretsa chizungulire, makamaka poimirira. Kudula kwa botolo sikusintha zimenezi. Toti imodzi ya mamililita 25 pa 46% ili ndi mowa wocheperako poyerekeza ndi botolo la mowa wa 5% la mamililita 330. Matoti awiri apyola kale. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ulibe chiopsezo pa thanzi. Musanachite zimene ndafotokozazi, tengani mankhwala anu kapena buku lanu la kuchipatala, mukafunse adokotala kapena a ku famase ngati toti imodzi apa ndi apo ili yololedwa kwa inu. Akakana, mverani iwo, osati ine. Fungo la mizunara mutha kulimva ndi mphuno yokha, ndipo ambiri a ife tikamalawa mowa wambiri pa ntchito timalavula. Ngati mulinso ndi shuga, vuto la chiwindi kapena zilonda za m'mimba, kapena mukumwa mankhwala a TB kapena Flagyl, botololo litsekeni kaye mpaka adokotala anene. Tsiku lolawa, galimoto ayendetse wina.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira nazo. Munthu akamwa mowa wokayikitsa, n'kuyamba kuona mwachimbuuzi, mutu kupweteka kwambiri, kusanza, m'mimba kupotokola kapena kupuma mwabefu, ngakhale patapita tsiku lathunthu, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo ndipo botolo linyamulidwe. Zimenezo ndi zizindikiro za methanol, poizoni wopezeka mu mowa wina wachinyengo, amene amapha maso ndiponso munthu. Inu ndi anzanu mwadutsa masiku muli bwino, choncho si nkhani yanu, koma muidziwe. Ndipo mukadzaona kuti toti imodzi yasanduka itatu usiku uliwonse, kapena tulo sitibwera popanda iyo, kauzeni adokotala omwewo mosabisa.

Mukapeza mpata, jambulani pepala la kumbuyo kwa botololo ndi chitsekerero chake munditumizire, ndipo mumufunse mphwanu sitolo imene anagula. Ndikaona dzina la fakitale nditha kukuuzani ngati imatcheza yokha, ndi zaka zimene mowa wake wakale kwambiri ungakhale nazo.